Margret ndi Mabotolo Asanu ndi Awiri

Ku Nkhulambe mukafunsa za Margret Sitima, anthu amayamba ndi kunena kuti ndi mayi wosalankhula. Akatero amawonjezera kuti koma maso ali nawo. Anabadwira komweko, m'mudzi wa m'tsinde mwa phiri la Mulanje, mbali yoyang'ana ku Mozambique kumene agogo ake anachokera atasenza mphasa ndi kathumba ka mbewu ya nandolo. Sukulu analekera Sitandade 4, chaka chimene mayi ake anathyoka mwendo kumtsinje ndipo pakhomo panasowa wotunga madzi. Kuwerenga amatha, koma mwapang'onopang'ono, chala chili pa mzere. Za kumunda ndi za kukhitchini ndiye sanafunsepo munthu.

Mwamuna wake, Dickson, anali wa kuseri kwa phiri, mudzi wina kufupi ndi Phalombe. Ntchito yake inali yocheka matabwa a mkungudza pamwamba pa phiri. Ankatsika Loweruka thabwa lili pamutu, thupi lonse likununkhira utuchi, ndipo masabata atatu otsatizana anaima pakhomo pa makolo a Margret kupempha madzi akumwa, chonsecho mtsinje anali atangowoloka kumene. Mayi a Margret ndi amene anati, "Ludzu la mnyamata uyu si la madzi ayi." Anakwatirana mu 1974, Dickson n'kumanga nyumba kwawo kwa mkazi monga timachitira kuno. Anabereka ana asanu, anakula atatu. Woyamba, Lily, anakwatiwa ku Limbe, anyamata awiri anapita kukagwira ntchito ku minda ya tiyi. Dickson anali munthu wa nthabwala, wosasunga mawu m'kamwa, moti anthu ankati mawu onse a m'nyumba imeneyo anatha ndi mwamuna.

Matenda anayamba mu 1998, atangokolola chimanga. Dickson anayamba kusiya nsima m'mbale, kenaka kudandaula ululu kumunsi kwa nthiti za kumanja. Margret ndi amene anayamba kuona kuti maso ake asanduka achikasu. Ku chipatala cha ku Phalombe anawatumiza ku chipatala chachikulu ku Blantyre, kumene anakhala masabata atatu. Tsiku lowatulutsa, dokotala wina wachinyamata anaitanira Margret pakhonde.

"Mayi, bambowa ali ndi khansa ya chiwindi, ndipo yafika patali," anatero. "Chimene tingathe ife ndi kuchepetsa ululu basi. Mapiritsi ndi awa. Pitani nawo kunyumba. Chimene mtima wawo wafuna kudya muziwapatsa, mchere wokha musamachulutse chifukwa cha kutupaku."

Margret anamanga mawu amenewa mumtima pamodzi ndi mapiritsi amene anamanga pa nsonga ya chitenje, n'kukwera basi ndi mwamuna wake.

Woyamba kudzazonda anali a Hilda, mlongo wake wamkulu wa Dickson. A Hilda ndi amene analera Dickson mayi awo atamwalira iye ali ndi zaka zisanu ndi chimodzi, ndipo ngakhale mng'ono wawoyo anali ndi imvi, ankamutchulabe kuti iwe. Anafika ndi botolo la Sobo lodzaza madzi akuda, lotseka ndi chitsononkho. Anati mizu yake inakumbidwa m'phiri la Michesi ndi sing'anga amene sanawakhumudwitsepo.

"Kapu imodzi m'mawa, ina madzulo," anatero a Hilda. "Koma ali ndi chosala chake. Mchere asalawe ngakhale pang'ono."

Ponena mawu amenewa sanayang'ane wodwalayo. Anayang'ana manja a Margret.

Margret anamva zonse, zonenedwa ndi zosanenedwa. Kuno munthu akatupa mimba ndi miyendo, akuluakulu sayamba ndi kulingalira za chiwindi. Amalingalira za tsempho: kuti mkazi wa m'nyumbamo anayenda ndi mwamuna wina, n'kubwera kudzathira mchere m'ndiwo, ndipo mcherewo ndi umene wadula mwini nyumba. Ndipo Margret anali ataonapo kale mmene nkhani zotere zimathera m'banja la kwa Sitima. Zaka zisanu m'mbuyomo, Julius, mng'ono wake wa Dickson, anamwalira atatupa chimodzimodzi kwawo kwa mkazi wake ku Chiringa. Pamaliro, achibale a mwamuna ananong'onezana kuti mkaziyo anaphwanya chosala cha mankhwala, anathira mchere. Palibe anamufunsa pamaso. Koma kuchokera tsiku limenelo dzina lake linasanduka "uja anadula mwamuna". Mandasi amene ankagulitsa pamsika anthu anasiya kugula, ndipo ana ake omwe ankawaloza chala kusukulu. Margret anali pamaliro amenewo, atakhala kumbuyo, akuona.

"Ndamva, alamu," anayankha motero basi.

Pambuyo pa a Hilda, mabotolo anayamba kubwera okha. Munthu sapita chimanjamanja kukaona wodwala amene achipatala amubweza, ndipo aliyense anali ndi mbale wake amene anachira ndi chakutichakuti madokotala atagwa mphwayi. Mnzake wa Dickson amene ankagwira naye sowo yochekera matabwa anabweretsa makungwa a muwawani owiritsa, owawa moti wodwalayo anagwetsa misozi, nati asadye mlamba, ndipo pofuna kusakayika asiye nsomba zonse. Mayi wina wa Mvano anabwera ndi masamba a nimu atapemphereredwa kale, oletsa mafuta ndi nsinjiro. Lily anatumiza pa basi ufa wofiirira umene anagula kwa bambo wina wolengeza mankhwala pa depoti ku Limbe, pamodzi ndi kalata yonena kuti ababa asiye shuga, tiyi ndi nyama ya mtundu uliwonse. Mphunzitsi wa pasukulu ya pafupi, wochokera ku Karonga, munthu waulemu amene Dickson anamukhomerapo shelefu ya mabuku, anabweretsa mankhwala a kwawo oletsa matimati, mazira ndi chilichonse chowawasa, thobwa lomwe. Wina anabweretsa madzi a mvunguti, amene sagwirizana ndi therere kapena chinangwa. Lomaliza linachokera kwa amalume ake a Margret enieniwo, amene anayenda tsiku lathunthu kuchokera kutsidya kwa malire, ndipo iwo analetsa nandolo, nyemba, khobwe, chilichonse chobadwira m'khoko.

Margret ankaopa kuiwala. Choncho anatenga thabwa la mkungudza limene linatsala kuseri kwa nyumba, nalisanja pa njerwa m'chipinda cha wodwalayo. Anandandalika mabotolo asanu ndi awiri aja, ndipo patsogolo pa botolo lililonse anaika chinthu chimene limaletsa: apa kamulu ka mchere pa tsamba, apa kamlamba kouma, apa mtedza uwiri, apa njere za nandolo, apa kachidutswa ka makaka, chinangwa chouma chija. Matimati ankalisintha likayamba kuwola. M'mawa uliwonse asanasonkhe moto ankaima patsogolo pa thabwalo n'kuliwerenga kuchokera kumanzere kupita kumanja, monga amawerengera Baibulo.

Atawerenga lonse, chotsala chinali phala la ufa woyera lopanda mchere ndi shuga, ndi nkhwani wowiritsa m'madzi okhaokha.

Kutaya mabotolo ena kunali kosatheka. Amene anabweretsa ankabweranso, ndipo asanapereke n'komwe moni wokwanira maso awo ankapita pa botolo lawo kuona pamene madzi afika. Dickson mwini wake sankafuna kukhumudwitsa aliyense. Ankamwa pang'ono m'botolo lililonse, nkhope itakwinyika, kenaka n'kumeza mapiritsi a ku Blantyre.

"Munthu wawoloka phiri atasenza botolo," ankatero, "ine ndimuuze kuti wasenza madzi achabe? Amake Lily, apa pathabwapa si mankhwala ayi, ndi anthu. Uyu ndi achemwali, uyu ndi mwana wanga, uyu ndi aphunzitsi. Akhala pamzere ngati pa voti."

Sikuti onse anali opanda ntchito. A aphunzitsi aja ankamuchepetsera mseru, ndipo Margret anaona zimenezo. Koma anaonanso kuti mikono imene inkakoka sowo tsiku lonse yatsala ngati mapesi, pamene mimba yokha inkakulirakulira.

Mwezi wa Ogasiti unafika, nyengo imene nandolo amakhala wamuwisi m'minda ndipo mudzi wonse umanunkhira iye. Tsiku lina masana Margret anabweretsa phala. Dickson analiyang'ana, nanunkhiza mpweya umene unkachokera kukhitchini kwa oyandikana nawo.

"Amake Lily, kodi nandolo ndinamulakwira chiyani ine?"

"Ndi amalume analetsa, bambo a Lily."

"Amalume anu akudya nandolo kwawo pano, ndikudziwa. Akunyambita zala." Anaseka pang'ono, chifuwa n'kumutsamwitsa. Kenaka anakankha mbale ija pang'onopang'ono ndi kuseri kwa dzanja. "Sindikukana dzanja lanu. Koma izi zikafika pakhosi zimabwerera zokha. Ndikanangolawa nandolo wa mchere ndi makaka awiri, ndikanadziwa kuti ndidakali munthu."

Masiku atatu otsatira anamwa masipuni owerengeka. Tsiku lachinayi analephera kukhala tsonga payekha.

Mng'ono wake wa Margret, amene nyumba yake inali pabwalo lomwelo, anamupeza m'khitchini atagwira kachitini ka mchere, akungokayang'ana.

"Thirani, achemwali," ananong'oneza. "Aone ndani?"

"Anena okha," anayankha Margret. "Mlendo woyamba kulowa amuuza kuti lero ndadya ngati bwana. Ukuwadziwa alamu ako."

Zinali zoona. Komanso Margret sankafuna kudyetsa mwamuna wake mobisa ngati wakuba m'nyumba yake yomwe. Ankadziwa kuti Dickson amwalira, adye mchere kapena asadye, chifukwa dokotala sanamubisire. Ndiye tsiku limenelo likadzafika, funso lidzakhala limodzi lokha: ndani anathira? Anali atayesapo kamodzi kuwafunsa a Hilda ngati chosala chingachepetsedwe. Yankho lake linali lalifupi: "Mwatopa naye kale, alamu?" Sanafunsenso.

Anabweza kachitini kaja pamalo pake. M'mawa mwake anasiya wodwala m'manja mwa mng'ono wakeyo, nanyamuka dzuwa lisanatenthe, kulowera njira ya pa mpata wa Fort Lister, pakati pa Mulanje ndi Michesi. Anadutsa makoma akugwa a linga lakale lija osawayang'ana, natsetserekera mbali ya Phalombe, kumene miyala ikuluikulu imene Napolo anagubuduza mu 1991 idakali mbwee m'minda ya anthu. Njira yonse ankasankha mawu, kutaya awa, kutola awa. Pofika anali atatsala ndi ochepa.

Anapeza a Hilda akupeta mapira. Atalonjerana, anagwada patali pang'ono.

"Alamu, achimwene anu sakudya. Dzanja langa lakanika. Ndati mwina dzanja limene linawalera angalimvere. Mubwere mudzawaphikire, ngakhale masiku atatu."

A Hilda anaika lichero pansi. Pankhope pawo panaoneka mantha, komanso kakukhutira pang'ono, ngati munthu amene zimene ankanena kale zatsimikizika.

"Ndinkadziwa ine," anatero. "Dickson chakudya changa sanakanepo. Gwirani nkhuku yathadzi iyo, tipite nayo."

Anafika ku Nkhulambe tsiku lotsatira chakumasana, atapumira kawirikawiri chifukwa bondo la a Hilda linkavuta pokwera. Margret anawalowetsa m'khitchini, nawaonetsa miphika, nkhuni ndi mtsuko wa madzi. Iye anakakhala pakhomo pa khitchinipo ndi dengu la chimanga, n'kuyamba kutong'ola.

"Wiritsani madzi tisosole nkhukuyi," anatero a Hilda.

"Nyama ndi ya Lily, alamu."

"Ya Lily bwanji?"

"Mankhwala amene anatumiza Lily amaletsa nyama."

"Hoo. Ndiye tengani dzira, ndimukazingire."

"Mazira ndi a aphunzitsi. Mafuta ndi a amayi a Mvano."

"Nanga timatemba tija ndaona padenga?"

"Nsomba ndi za anzawo ocheka nawo matabwa."

A Hilda anaima manja ali m'chiuno. "Kodi mukundiseka, alamu?"

Margret anadzuka, napukuta manja pa chitenje, nawatsogolera kuchipinda. Dickson anali m'tulo, kukamwa kuli yasa. Margret analoza thabwa lija, n'kuyamba kuwerenga ndi mawu apansipansi, botolo ndi mwini wake ndi chosala chake, mpaka kumapeto. A Hilda anamvetsera, milomo ikuyenda ngati akuwerengera mumtima.

"Ndiye chatsala n'chiyani?"

"Phala ndi nkhwani."

A Hilda anaphika phalalo okha, mosamala, kulipakasa mpaka kusalala. Asanapite nalo analawa nsonga ya sipuni, ndipo Margret anaona mmene anamezera. Dickson atadzuka n'kuona mlongo wake anasangalala kwambiri. Anamwa masipuni awiri chifukwa cha ulemu, lachitatu anatembenuzira nkhope kukhoma.

"Iwe, ndayenda ulendo wonsewu kuti undikanire?"

"Achemwali, phala ili ndi limene munkamatira makalata opita ku Joni?"

"Pakamwa pokha mpamene sipadwala!"

Anaseka onse awiri, koma a Hilda potuluka anakakhala pa mtondo kuseri kwa khitchini nthawi yaitali, mbale ili pamiyendo.

M'mawa mwake anadzuka ndi mphamvu. Analowa m'chipinda muja n'kuyamba kuweruza mabotolo a anzawo.

"Za pa depoti izi nzabodza, Lily anapakidwa phula m'maso. Amalume anuwo, pepani alamu, koma munthu wa kuno ungamuletse nandolo? Adye chiyani, miyala? Chotsani."

"Muchotse ndinu, alamu," anatero Margret. "Eni ake akabwera ine ndilibe pakamwa powayankhira."

"Adzandipeze ine."

Anatulutsa mabotolo asanu n'kukawaika pansi pa nkhokwe. La aphunzitsi Margret anapempha kuti litsale chifukwa cha mseru uja, ndipo a Hilda anavomera, koma anati matimati ochepa sangaphe munthu. Pathabwa panatsala mabotolo awiri, la aphunzitsi ndi la Sobo lija, kamulu ka mchere kali patsogolo pake. Limenelo a Hilda sanalikhudze, ndipo Margret sanalitchule.

Anapita kumunda onse awiri kukathyola nandolo wamuwisi. A Hilda anamuphika ndi matimati ndi kanyezi, nawiritsa makaka mpaka kufewa. Fungo litafika kuchipinda, Dickson anaitana yekha kuti amudzutse. Anatenga sipuni yekha, natafuna nthawi yaitali, maso ali pa mlongo wake. Kenaka anaika sipuni pansi.

"Achemwali, nandolo uyu wayamba kufa ndi iye, ine ndisanafe."

"Usalankhule za imfa, iwe."

"Ndiye ndilankhule za chiyani, za mpira? Ali zii, achemwali. Mwayesetsa, koma ali zii."

Sanadyenso. Masana a tsiku limenelo Margret anatenthetsa madzi osambitsa wodwala monga ankachitira tsiku lililonse, koma ulendo uno anapempha a Hilda kuti amuthandize kumugwira. Aka kanali koyamba kuti a Hilda aone thupi la mng'ono wawo popanda bulangete. Anaona mapewa amene ankasenza matabwa atasanduka mafupa awiri osongoka, nthiti zowerengeka, khungu likulendewera. Anamupukuta msana. Pamene ankamugoneka anamunyamula okha, ndipo anadabwa ndi kupepuka kwake moti anatsala pang'ono kugwa chagada.

Atatuluka anaitana Margret kuseri kwa nkhokwe, kumene kunalibe munthu. Analankhula m'Chilomwe, chinenero chimene ankasungira nkhani zolemera.

"Alamu, ndikufunsani kamodzi, sindidzafunsanso. Kunjaku kulibe mwamuna wina?"

Margret anawayang'ana m'maso, chinthu chimene sanachitepo chikwatiwire.

"Kulibe. Zaka makumi awiri ndi zinayi, kulibe."

"Nanga ku Blantyre anati chiyani kwenikweni? Musandiuze zimene munauza anthu."

Margret anamasula mawu a dokotala aja monga anawalandirira, osawonjezera, osachotsa. Anati chiwindi chadyeka, ndipo palibe mankhwala a m'botolo kapena a m'chipatala amene angachibwezere. Anati chimene mtima wawo wafuna apatsidwe, mchere pang'ono.

"Bwanji simunandiuze?"

"Ndinayamba kukuuzani. Munandifunsa ngati ndatopa nawo."

A Hilda anatsamira nkhokwe. Anakhala choncho, akuyang'ana phiri, mpaka nkhuku imene anabwera nayo ija inadzadutsa pamapazi awo ikutola zakudya.

"Ndinamuphunzitsa kudya ndi ine," anatero pomaliza. "Mayi atapita ankakana chilichonse. Ndinkamunamiza kuti ukadya ukula ngati Michesi." Anapukuta mphuno ndi nsonga ya mpango. "Ndiye lero ndimuphe ndi njala ine ndemwe? Kaitaneni mng'ono wanu. Muitanenso amayi a Mvano aja, ndi wina aliyense amene ali pafupi."

Margret sanafunse chifukwa. Anapita, nabwera ndi amayi anayi, ena manja ali ndi ufa, akudabwa ngati zinthu zavuta. Anapeza a Hilda atatulutsa mphika wa nandolo uja m'khitchini n'kuutereka pa mafuwa pabwalo, poyera. M'dzanja lamanzere anali ndi kachitini ka mchere.

"Bwerani pafupi, musaime kutali ngati mwaona njoka," anatero a Hilda. "Mankhwala oletsa mchere ndinabweretsa ndine. Mlamu wangayu wasunga chosala miyezi iwiri, sanaphonye tsiku. Ndaona ndi maso anga. Tsopano taonani dzanja ili. Ndi la yani?"

Amayi aja anayang'anana.

"Ndafunsa, ndi la yani?"

"Ndi lanu, mayi," anayankha wa Mvano uja.

"Ndi la Hilda, mlongo wake wa Dickson, mimba imodzi. Mudzakumbukire."

Anatapa ndi zala zitatu, nawaza mumphika, natakasa. Analawa, naganiza pang'ono, natembenukira kwa Margret.

"Dokotala anati pang'ono?"

"Anati pang'ono."

"Ndiye pakwana."

Dickson anadya masipuni asanu ndi limodzi ndi chidutswa chimodzi cha makaka. Margret anawerenga ali chiimire pakhomo. Anadya mosafulumira, maso atatseka, ndipo kwa nthawi yoyamba chikwatirane chawo anamaliza kudya osanena nthabwala. Atatha anapempha madzi, nagona tulo mpaka dzuwa kupendeka.

A Hilda anafuna kukataya botolo lawo, poti mankhwala amene chosala chake chaphwanyidwa amakhala atafa. Dickson anakana.

"Lisiyeni. Ndazolowera kuwawa kwake. Ndikamwa ndimadziwa kuti kwacha."

Anapitiriza kumwa kapu yake m'mawa uliwonse, pamodzi ndi a aphunzitsi ndi mapiritsi a ku Blantyre. Masiku atatu a a Hilda anasanduka masabata asanu. Eni mabotolo ena atabwera n'kupeza awo ali pansi pa nkhokwe, ankakumana ndi a Hilda pakhonde, ndipo nkhani inkathera pomwepo. Amalume okha ndi amene anabwerera kwawo atakwiya, osatsanzika. Nkhuku ija inaphedwa sabata yachiwiri, Dickson anamwa msuzi wake masiku awiri. Tsiku lina anapempha thobwa, tsiku lina chidutswa cha mlamba chimene anangochiyamwa n'kuchisiya. Panali masiku amene sankafuna kanthu, ndipo amayi awiriwo ankangosinthana kumunyowetsa milomo. Ankaphika mosinthana, koma mphika ukafika pothira mchere, Margret ankaitana, "Alamu," a Hilda n'kubwera kudzathira. Sanapanganepo zimenezi.

Dickson anamwalira m'mawa wina kumayambiriro kwa Okutobala, kunja kukutentha kale, ana ake onse atatu alipo.

Pa tsiku loika maliro, mwambo usanafike kumanda, bambo wina wa kuchimuna anaimirira kufotokoza mmene matenda anayendera. Ananena za Phalombe, za Blantyre, za mankhwala amene abale ndi abwenzi anathandiza nawo. Kenaka anatsokomola n'kunena kuti pali mawu amene akumveka, oti chosala china sichinasungidwe mpaka kumapeto, ndipo akubanja adzafuna kumva bwino pambuyo pake. Pabwalo panayamba manong'onong'o.

Margret anali m'nyumba pamodzi ndi amayi ena, atakhala pamphasa pafupi ndi bokosi, ndipo zonsezi ankazimvera kudzera pakhoma. Anamva mng'ono wake akumugwira dzanja mwamphamvu. Kenaka pafupi naye panayenda munthu. A Hilda anadzuka movutikira ndi bondo lawo lija, nadutsa pakati pa miyendo ya anthu, natuluka panja, kumene pa nthawi ngati imeneyo amalankhula ndi amuna okha.

"Pambuyo pake pa chiyani?" mawu awo anamveka mpaka m'nyumba. "Mumve pompano, anthu onse ali pano. Mchere ndinathira ndine, masana, pabwalo lomwe mwakhalapoli, ndipo amene anaona alipo. Mwana wa mayi anga wapita ndi khansa, ndipo wapita atadya. Amene ali ndi funso abwere kwathu, njira mukuidziwa. Mkazi uyu mumusiye alire mwamuna wake."

Bambo uja ananena mawu ena osamveka bwino, nakhala pansi. Patapita kanthawi wa Mvano uja anayambitsa nyimbo, anthu n'kuilandira.

Margret anali asanagwetse msozi chimwalirire Dickson, ndipo amayi ena anali atayamba kale kuyang'anana chifukwa cha zimenezo. A Hilda atabwerera n'kukhala pansi pambali pake, akupuma mwawefuwefu, Margret anaweramira pa phewa lawo, nayamba kulira mokweza, moti amene anali panja anafunsana kuti mawu amenewo ndi a yani.